Kuyesa ngati ndere za m'nyanja yamchere zimapha mabakiteriya: njira yake ndi malo amene ambiri amapunthwa

Chaka chilichonse nyengo ya mapulojekiti ikafika, pamabwera wophunzira atagwira foni, kundionetsa chithunzi cha mbale ya agar (phala lolimba lomeretsapo mabakiteriya) yokhala ndi kabwalo koyera pamene mabakiteriya sanamere, n'kufunsa kuti, "Kodi ndapeza mankhwala?" Ena amafika asanayambe n'komwe. Awerenga kuti ndere zimapha tizilombo toyambitsa matenda, ndiye akufuna poyambira. Ndayankha mpaka kukhosi kuuma. Ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera.

Tigwirizane kaye pa mawu. M'Chichewa "nyanja" ndi imodzimodzi, ya ku Mangochi ndi ya ku Nacala, koma ndere zimene tikunena pano ndi za m'madzi amchere, zimene a ku Zanzibar amazitcha mwani. Kuno kwathu kulibe. Zobiriwira zoyandama pa damu kapena pa chithaphwi n'zina, ndipo zina mwa izo, monga Microcystis, zimatulutsa poizoni woononga chiwindi. Mawu akuti extract m'labu timangowanena choncho: ndi zimene zimatsala mukaviika ndere mu methanol kapena mankhwala ena osungunulira, n'kusefa, n'kuumitsa. Control, choyerekezera chotsimikiza kuti kuyesa kwayenda bwino, ine ndimaitcha mboni, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo.

1. Pezani ndere zodziwika dzina, ndipo muzitenge mwachilolezo.

Ndere zili m'magulu atatu. Zofiirira, monga Sargassum, Padina, Turbinaria ndi Ecklonia maxima ya ku gombe la ku South Africa, ndi zimene zili ndi ma phlorotannin, mankhwala a gulu la phenol omwe sapezeka kwenikweni m'magulu enawo. Zofiira, monga Asparagopsis ndi Laurencia, zimapanga mankhwala okhala ndi bromine. Zobiriwira, monga Ulva, n'zosavuta kupeza. Chifukwa chimene anthu amaziyesera n'chomveka: ndere zilibe khungwa ngati mtengo, zimakhala m'madzi odzaza tizilombo, ndipo zina zimadziteteza ndi mankhwala. Delisea pulchra ya ku Australia, mwachitsanzo, imatulutsa ma furanone osokoneza mauthenga amene mabakiteriya amapatsana asanamange gulu pa chinthu.

Kwa ife magombe apafupi ndi a ku Mozambique ndi Tanzania. Ku Zanzibar amalima Eucheuma denticulatum ndi Kappaphycus alvarezii kuyambira 1989, ndipo zouma zimagulidwa mosavuta. Koma dziwani kuti amazilimira carrageenan, uja wolimbitsa zakudya, ndiponso amaziyanika padzuwa. Pa ntchito yathuyi si zoyamba kusankha.

Ngati mukukathyola nokha, pitani madzi akaphwa kwambiri, masiku a mwezi watsopano kapena wathunthu. Lembani malo, tsiku ndi kuya kwake, chifukwa mtundu womwewo umasintha mphamvu malinga ndi nyengo. Chitsamba chimodzi chiumitseni pa pepala, muchisunge ngati umboni, ndipo dzina mulitsimikize ndi katswiri komanso pa AlgaeBase, nkhokwe ya pa intaneti ya maina a ndere. Lipoti longoti "ndere zofiirira" palibe amene angalibwereze. Za chilolezo musazipeputse: pangano la Nagoya, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2014, limafuna kuti dziko la eni zachilengedwe livomereze musanazitulutse kukafufuza. Safunsa anadya phula.

2. Tsukani, yanikani pamthunzi.

Tsukani kaye m'madzi a m'nyanja momwemo, kuchotsa mchenga, tinkhono ndi ndere zina zomera pamwamba. Zikasakanikirana simudzadziwa chimene chapha mabakiteriya. Kenako tsukuluzani m'madzi abwino mwachangu. Osaviika ngati chinangwa cha kondowole, chifukwa madzi opanda mchere amatupitsa maselo ndipo zimene mukufunazo zimathawira m'beseni.

Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, kapena mu uvuni wosapitirira madigiri 40. Zauma ngati zikuthyoka kuti phwa, ndiponso ngati kulemera kwake sikukusintha mukapima masiku awiri otsatizana. Asparagopsis ndi yapadera: bromoform yake, mankhwala okhala ndi bromine aja, imauluka, choncho yoyanika imataya mphamvu yambiri, imafuna freeze dryer, makina oumitsa pozizira kwambiri. Perani mu blender youma, sungani m'botolo lotseka bwino, pamdima.

3. Viikani.

Magalamu 50 a ufa mu mamililita 500 a chosungunulira, m'botolo lagalasi, maola 48, mukukhutchumula nthawi ndi nthawi. Sefani ndi pepala la Whatman No. 1, ndipo zotsalazo muziviikenso kachiwiri. Musadalire chosungunulira chimodzi. Hexane amakoka mafuta, ethyl acetate ndi acetone amakoka zapakati, methanol ndi ethanol amakoka zambiri kuphatikizapo zosafunika, madzi amakoka shuga ndi mchere. Ngati ndalama zikulola ziwiri zokha, ine ndingatenge ethyl acetate ndi methanol.

Umitsani ndi rotary evaporator, makina ouluzira chosungunulira, pa madigiri 40. Ngati palibe, thirani m'mbale yagalasi yotambalala, muisiye mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa. Osaika pamoto, ndipo osaumitsira m'chipinda chotseka. Methanol amachititsa khungu ndipo amapha. Pimani botolo lopanda kanthu musanathiremo, mudzalipimenso extract itauma. Anthu amaiwala kupima koyambako ndipo amadzalira pamapeto.

4. Chotsani mchere.

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, chifukwa anawalemba anthu ozolowera masamba a kumtunda monga nimu ndi chammwamba. Ndere za m'nyanja si masamba. Mukaziotcha zouma, phulusa lotsala nthawi zambiri limaposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ndipo lambiri ndi mchere. Methanol ndi madzi zimaukoka mcherewo pamodzi ndi zina zonse.

Yang'anitsitsani pansi pa botolo lanu la extract ya methanol. Muona phala lobiriwira modera, lomata ngati utomoni, ndipo m'mbali mwake timiyala toyera tonyezimira. Wophunzira wina anandibweretsera timiyala totere atatikulunga bwino mu foil, nkhope ili mwee, akuti watulutsa mankhwala oyera. Tinasungunula pang'ono m'madzi, tinadonthezamo silver nitrate yoyesera mchere, madzi anayera ngati mkaka. Unali mchere. Ndinamumvera chisoni, chifukwa inenso poyamba ndinagwa m'mbuna yomweyo.

Mchere umakunamizani pawiri. Poyamba, umaononga masamu anu. Tiyerekeze mwapima mamiligalamu 100 a extract, koma 70 mwa iwo ndi mchere ndi mannitol, shuga wa m'ndere zofiirira. Mulemba kuti mwayesa 100 pomwe mwayesa 30, ndipo ndere zabwino muzinena kuti n'zofooka. Kachiwiri, mchere wochuluka paokha umafooketsa mabakiteriya ena, monga umachitira pa nsomba yothira mchere. Staphylococcus aureus saopa, amamera bwinobwino pa mchere wa 7.5 peresenti, koma si onse otero. Ndiye mukhoza kuona kabwalo n'kusangalala, chonsecho mwangopeza zimene asodzi akhala akuzidziwa kalekale.

Njira yosavuta ikudalira kusiyana kwa kasungunukidwe. Lita imodzi ya madzi imasungunula magalamu pafupifupi 360 a mchere, methanol pafupifupi 14, ethanol wopanda madzi sakwanitsa ndi galamu imodzi yomwe. Choncho umitsani extract yanu mpaka gwa, thiranimo ethanol wopanda madzi, takasani, siyani mu fuliji usiku umodzi, sefani, umitsaninso. Mchere utsala pa pepala. Bwerezani kawiri kapena katatu mpaka timiyala titasiya kuoneka. Ethanol wa 70 peresenti wopukutira matebulo sagwira ntchitoyi, madzi ake amausungunula mcherewo.

Njira yachiwiri ndi yogawa. Sungunulani extract m'madzi, thirani mu separating funnel (botolo lokhala ndi kampopi pansi), onjezani ethyl acetate wofanana muyeso, khutchumulani mofatsa mukutsegula kampopi kuti mpweya utuluke, dikirani zipatukane. Ethyl acetate amakhala pamwamba, mchere umatsala m'madzi pansi. Chitani katatu. Ndere zili ndi ulimbo wambiri, ndiye pakati pamakonda kuchita thovu losapatuka. Musakhutchumule mwaukali, ndipo likachitika lisiyeni ola lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo la madzi lija musataye, liyeseninso palokha, chifukwa zina zamphamvu zimatsala momwemo.

Mukamaliza pimaninso. Kulemera kumeneku ndi kumene muwerengetsere zonse zotsatira, ndipo mu lipoti mulembe kuti munachotsa mchere ndi njira iti.

5. Sungunulani extract, konzani mboni.

Extract youma iyenera kusungunuka yonse. Ngati pansi pali matope, muyeso umene mwalemba pa botolo ndi wabodza. Ambiri amagwiritsa chosungunulira chotchedwa DMSO: mamiligalamu 100 mu mililita imodzi. DMSO wochuluka amafooketsa mabakiteriya payekha, ndiye pamene akukumana ndi mabakiteriya m'msuzi womeretsera asapitirire 1 peresenti. Extract musaiike mu autoclave (mphika wophera tizilombo ndi nthunzi), kutentha kumaiononga. Ikasakanizidwa ndi madzi kapena msuzi, isefeni ndi sefa ya 0.22 micrometre.

Mboni zikhale zitatu pa mbale iliyonse kapena pambali pake. Yoyamba ndi disiki (kapepala kozungulira koika pa agar) yokhala ndi chosungunulira chokha, yokonzedwa ndendende ngati ya extract. Iyi isaonetse bwalo. Yachiwiri ndi disiki ya mankhwala odziwika, monga gentamicin ya mamaikulogalamu 10. Iyi ionetse bwalo la kukula kodziwika. Yachitatu ndi mbale yopanda mabakiteriya imene mwaikapo extract, kuti muone ngati extract yanuyo ilibe tizilombo take. Kulakwitsa kumene ndakuona kwambiri ndi kudontheza extract ya mu methanol kapena ethanol pa disiki n'kuiika pa agar isanaume. Bwalo limatuluka lokongola, koma wapha mabakiteriya ndi mowawo.

6. Konzani mabakiteriya ndi mbale.

Gwiritsani mabakiteriya odziwika mbiri yawo: Staphylococcus aureus ATCC 25923, Escherichia coli ATCC 25922 ndi Pseudomonas aeruginosa ATCC 27853. Otengedwa kwa odwala adzabwere pambuyo, mwachilolezo, m'labu yovomerezeka. Vibrio cholerae ndi Salmonella Typhi si zoseweretsa za pulojekiti ya chaka chomaliza, ngakhale mutu wake umamveka bwino pa pepala.

Agar wake ndi Mueller-Hinton, wophikidwa mu autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Thirani mamililita 25 m'mbale ya mamilimita 90 kuti kuya kukhale pafupifupi mamilimita 4. Agar wopyapyala amakulitsa bwalo, wokhuthala amalichepetsa. Kupyapyalitsa pofuna kusunga ufa ndi njira yachangu yopezera zotsatira zosangalatsa zabodza. Ndingotchulako: agar yemweyo amachokera ku ndere zofiira, Gelidium ndi Gracilaria, ndipo analowa m'labu ya Robert Koch kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 chifukwa cha nzeru ya Fanny Hesse, amene ankamugwiritsa ntchito kukhitchini. Mukuyesa ndere pamwamba pa ndere zinzake.

Tengani timagulu ta mabakiteriya omera dzulo, sakanizani m'madzi amchere a 0.85 peresenti mpaka kuderako kufanane ndi 0.5 McFarland, kutanthauza mabakiteriya pafupifupi 150 miliyoni pa mililita. Yerekezani mabotolo awiriwo kutsogolo kwa pepala loyera lokhala ndi mizere yakuda. Ngati muli ndi spectrophotometer, pa 625 nm iwerenge pakati pa 0.08 ndi 0.13. Viikani swab, ifinyireni m'mbali mwa botolo, pakani mbale yonse katatu mukuitembenuza. A EUCAST, bungwe la ku Ulaya loika miyezo ya kuyesaku, ali ndi lamulo losavuta kukumbukira la 15-15-15: pakani pasanathe mphindi 15 mutasakaniza, ikani madisiki pasanathe mphindi 15 mutapaka, lowetsani mu incubator pasanathe mphindi 15 mutaika madisiki.

Pa disiki ya mamilimita 6 donthezani mamaikulolita 20. Mbale zikhale chozondoka pa madigiri 35 kwa maola 16 mpaka 18. Magetsi akazima usiku kwa maola angapo, musadzinyenge. Mabakiteriya amachedwa kumera pomwe extract ikufalikirabe, ndiye bwalo limakula mopanda chilungamo. Yang'anani gentamicin: pa E. coli ATCC 25922 bwalo lake liyenera kukhala pakati pa mamilimita 19 ndi 26. Likatuluka kunja kwa pamenepo, tayani zonse za tsikulo.

7. Werengani bwalo, koma musalikhulupirire kwambiri.

Pimani ndi rula kumbuyo kwa mbale, kuchokera mbali ina kufika mbali ina kudutsa pakati, disiki ili momwemo. Ngati palibe bwalo lembani kuti palibe. Ena amalemba 6, kukula kwa disiki yokha, ndipo owerenga amaganiza kuti panali kanthu. Bwerezani katatu pa masiku atatu osiyana, ndi mabakiteriya osakaniza mwatsopano. Madisiki atatu pa mbale imodzi ndi kuyesa kumodzi.

Musadabwe S. aureus akamafa koma E. coli ndi Pseudomonas ali phee. Awiriwa ndi Gram-negative, ali ndi chikopa chachiwiri chakunja chimene chimatchinga mankhwala ambiri. Zimenezo n'zotsatira, zilembeni.

Njira ya madisikiyi, imene Bauer, Kirby ndi anzawo anaikhazikitsa mu 1966, inapangidwira mankhwala oyera odziwika kafalikidwe kawo. Extract ndi chisakanizo. Mafuta safalikira bwino mu agar chifukwa agar ndi madzi. Ma phlorotannin akuluakulu amamatirira ku mapuloteni n'kuima panjira. Motero kabwalo kakang'ono kangabise chinthu champhamvu, ndipo bwalo lalikulu lingakhale la chinthu chofooka choyenda msanga. Chinanso, werengani zimene mwaika. Mamaikulolita 20 a extract ya 100 mg/mL ndi mamiligalamu 2. Gentamicin uja ndi mamaikulogalamu 10. Mwaika zochuluka ka 200. Ndiye chiganizo chakuti "extract inafanana mphamvu ndi gentamicin" ndikachiona mu lipoti ndimachidula ndi cholembera chofiira. Matebulo a CLSI, bungwe la ku America loika miyezo ya m'labu, ogawa kuti sensitive kapena resistant nawonso sakhudza extract.

8. Pezani MIC.

MIC ndi muyeso wochepetsetsa umene umaletsa mabakiteriya kumera. Nambala iyi ndi imene anzanu a kwina angayerekeze ndi yawo. Mufunika mbale ya timaenje 96 ndi msuzi wa Mueller-Hinton.

Masamu ake ndi awa. Tengani extract ija ya 100 mg/mL mu DMSO, gawo limodzi muonjezere magawo 24 a msuzi. Yakhala 4 mg/mL, DMSO 4 peresenti. Thirani mamaikulolita 100 a msuzi m'kadzenje kalikonse. M'koyamba onjezani 100 a extract, sakanizani, tengani 100 kupita m'kachiwiri, choncho mpaka kumapeto, 100 omaliza mutaye. Mabakiteriya a 0.5 McFarland aja achepetseni ka 150 ndi msuzi, muthire 100 m'kadzenje kalikonse. Koyamba katsala ndi 1 mg/mL ndi DMSO 1 peresenti, kachiwiri 0.5, kachitatu 0.25, kumatsika choncho, ndipo mabakiteriya ali pafupifupi 500,000 pa mililita.

Vuto la ndere ndi mtundu. Extract ndi yakuda kapena yobiriwira, simungaone ndi maso ngati msuzi wadera. Pakatha maola 18 mpaka 20 donthezani utoto wa resazurin, amene amasintha kuchoka ku buluu kupita ku pinki pamene pali mabakiteriya amoyo, kapena INT, amene amafiira, monga mwa njira imene J.N. Eloff wa ku Pretoria anafalitsa mu 1998. Siyani mzere umodzi wa extract yopanda mabakiteriya, nawonso muudonthezere. Ma phenol ena amasintha mtundu wa utotowo okha, ndipo popanda mzere umenewu mudzanena kuti mabakiteriya amera pomwe afa. Mzere wina ukhale wa mabakiteriya ndi DMSO yekha, wina wa gentamicin.

Kuti mudziwe ngati yapha kapena yangoletsa kumera, tengani pang'ono m'timaenje tosamera musanadontheze utoto, mupake pa agar watsopano. Muyeso umene wapha 99.9 peresenti ndiwo MBC.

Nanga nambala yabwino ndi iti? Ríos ndi Recio mu 2005 analangiza kuti extract yofuna kupitirira 1 mg/mL kuti igwire isatengedwe ngati yamphamvu, ndipo yochititsa chidwi ndi yogwira pansi pa 0.1 mg/mL. N'chifukwa chake ndayambira pa 1. Malipoti ambiri amene ndimawerenga amakondwerera MIC ya 25 kapena 50 mg/mL. Pa muyeso umenewo zinthu zambiri za kukhitchini nazonso zingaletse mabakiteriya kumera.

9. Lembani zimene mwaona, zokhazo.

Lembani dzina la ndere, malo, tsiku, chosungunulira, kulemera musanachotse mchere ndi mutachotsa, mamiligalamu pa disiki, nambala za ATCC, ndi zotsatira za mboni zonse. Zimene sizinagwire muzilembenso. Kusamva mankhwala kwa mabakiteriya ndi vuto lenileni, kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anawerengera kuti kunapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni mu 2019, koma chiganizo chimenecho m'mawu oyamba sichisandutsa extract yanu mankhwala. Jik amapha mabakiteriya onse pa mbale, koma palibe amamwa. Musanaganize za munthu pafunika kuyesa ngati extract siononga maselo, ndi kupatula chinthu chenicheni chimene chikugwira ntchito.

Achibale akamva kuti mukufufuza za ndere adzakupemphani kabotolo ka chilonda kapena ka m'mimba. Akanizeni. Mu extract mungatsale methanol, DMSO amalowetsa zinthu kudzera pakhungu, ndere zofiirira zili ndi iodine wambiri, ndipo mitundu ina ya Sargassum imasunga arsenic. Wotsegula m'mimba amwe thanzi ORS, apite kuchipatala.

Mbale zonse, ma swab ndi timapaipi ta pipette zilowe mu autoclave musanazitaye, osati m'dzala la kuseri kwa labu kumene ana amatola timbale toseweretsa. Zosungunulira zotsala zikhale m'botolo lake lolembedwa, osathira mu sinki. Extract yotsala muisunge mu fuliji m'botolo lakuda, ndipo tsiku ndi dzina muzilembe ndi pensulo pa kapepala, chifukwa inki ya marker imafufutika ethanol akangoidonthera.